Mlendo Akatuluka Pakhomo: Inshuwalansi ya Nyumba Zosutiramo Chamba ku America



Nkhani yanga lero ndi ya nyumba zosutiramo chamba za ku America, ndi inshuwalansi imene eni nyumbazo amagula. Ndaona ena mwamwetulira. Ndineneretu kuti kuno kwathu ku Malawi kusuta chamba ndi mlandu ndithu. Lamulo limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2020 linangotsegula khomo la chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo nachonso chimafuna chiphaso cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Sindinabwere kudzakopa munthu. Ndasankha mutuwu chifukwa umaonetsa poyera vuto limene aliyense wa inu ophunzira ntchito ya inshuwalansi adzakumana nalo pa malonda ena: munthu ali ndi chiphaso cha boma m'manja, walipira inshuwalansi mokhulupirika chaka ndi chaka, koma tsiku la tsoka n'kupeza kuti ngozi yeniyeni ya malonda akewo ndi imene pangano linakaniratu kulipira.

Tiyambe ndi chimene chinabala nyumba zimenezi. Chigawo cha Nevada chinayamba kugulitsa chamba kwa anthu a zaka 21 kupita m'tsogolo pa 1 Julayi 2017. Lamulo linkati gula, koma ukasutire kunyumba kwako. Nanga mlendo? Mzinda wa Las Vegas umalandira alendo pafupifupi 40 miliyoni pachaka, ndipo mlendo alibe nyumba kumeneko. Kuhotela salola. M'makasino ndiye n'kosayamba, poti eni ake amaopa kulandidwa ziphaso za juga. Pamsewu apolisi akhoza kukulipiritsa. Anthu ankagula chinthu chololedwa koma chosowa pochigwiritsira ntchito, ndipo utsi unkangofuka m'malo oimika magalimoto. Mu 2021 aphungu a chigawocho anavomereza lamulo la AB 341 lololeza nyumba zapadera zosutiramo, koma yoyamba kutsegulidwa ndi chiphaso cha chigawo, yotchedwa Smoke and Mirrors, inadikira mpaka Febuluwale 2024. Pofika Epulo 2025 inali itatseka. Nyumba zotere ku Nevada siziloledwa kugulitsa mowa, umene ndiwo umasunga mabala ambiri, pamene makina oyeretsa mpweya, alonda, ziphaso ndi inshuwalansi zonse zimafuna ndalama. Ku California nako, kuyambira pa 1 Januwale 2025 lamulo la AB 1775 linalola malo osutirako chamba kuphika chakudya, kugulitsa zakumwa zosaledzeretsa ndi kuitana oimba, m'mizinda imene makhonsolo ake avomereza.

Woyeza chiopsezo wosasamala akhoza kuganiza kuti nyumba yosutiramo ndi sitolo ya chamba imene angoikamo mipando. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Sitolo imagulitsa paketi yomata, kasitomala n'kutuluka, ndipo chimene akachite nayo ndi zake. Nyumba yosutiramo imamukhazika pansi, kumulangiza chimene asute kapena adye, kumuona akusintha, kenako n'kumutsegulira chitseko. Kuyambira pamene wakhala pampando, mwini nyumba wasenza udindo umene wasitolo alibe. Zina mwa ngozi zake n'zodziwika kale kwa aliyense amene anatetezapo lesitilanti: kuterereka pansi ponyowa, chakudya chotsegula m'mimba, kumenyana. Chamba chimawonjezapo chake, chifukwa chimathamangitsa mtima ndipo ena chimawachititsa chizungulire akaimirira mwadzidzidzi. Munthu wosazolowera akhoza kukomoka n'kumenyetsa mutu patebulo. Koma zimenezi ndi zing'onozing'ono. Chachikulu ndi nthawi.

Chamba chosuta chimafika m'mutu m'mphindi zochepa. Chodya n'chosiyana. Maswiti ndi mabisiketi othira THC, amene ndi mankhwala oledzeretsa a m'chamba, amayamba adutsa m'mimba ndi m'chiwindi, ndipo pakhoza kupita mphindi 30 mpaka maola awiri munthu asanamve kanthu. Chiwindi chimasandutsa THC kukhala mtundu wina woledzeretsa kwambiri, ndipo kuledzerako kumakhalitsa maola ambiri. Mu Malichi 2014, patangotha miyezi iwiri Colorado itayamba kugulitsa chamba m'masitolo, wophunzira wina wa zaka 19 amene anakacheza ku Denver anadya kachidutswa ka bisiketi ya chamba monga wogulitsa analangizira. Atadikira osamva kanthu, anamaliza yonse. Bisiketiyo inali ndi mamiligalamu 65 a THC, pamene mlingo wa kudya kamodzi ndi 10. Patapita maola ochepa anayamba kuchita zachilendo, kenako anadumpha kuchokera pa khonde la m'mwamba la hotela n'kufa. Bungwe la zaumoyo la CDC linafalitsa nkhaniyi mu 2015 ngati chenjezo.

Mnyamatayo sanadyere m'nyumba yosutiramo. Koma taisamutsani nkhaniyi muiike m'nyumba yotere, pomwe woperekera ndi amene wamusankhira bisiketi, ndipo kamera yajambula zonse. Mayi wogulitsa kachasu kumudzi amadziwa kuti uyu wakwana pongoona mayendedwe ndi kumva lilime likulemera, chifukwa mowa umaonekera pomwepo pabwalo. Woperekera chamba chodya alibe mwayi umenewo. Kasitomala amatsanzika ali bwinobwino, mawu akumveka, makiyi a galimoto ali m'manja, ndipo kuledzera kumakamupeza ali pamsewu waukulu. Ngozi yaikulu ya nyumba imeneyi imachitikira kutali ndi nyumbayo, pa nthawi imene mwini wake mwina watseka kale n'kupita kukagona.

Tsono ngozi itachitika, adzadziwa bwanji kuti munthuyo anali woledzera, ndiponso kuti analedzerera kumeneko? Pa mowa zinthu n'zosavuta. Wapolisi amamuuzitsa dalaivala kachipangizo, ndipo m'zigawo pafupifupi zonse za America malire ndi 0.08. Mlingo wa mowa m'magazi umayendera limodzi ndi kuledzera, ndipo akatswiri akhoza kuwerengera cham'mbuyo kuti munthuyo anamwa wochuluka bwanji. Pa chamba palibe chotere. Colorado ndi Washington anaika malire a mananogalamu 5 a THC pa mililita imodzi ya magazi, koma THC imabisala m'mafuta a m'thupi. Wosuta tsiku ndi tsiku akhoza kupezeka nayo patapita masiku ali wosaledzera, pamene wodya bisiketi koyamba akhoza kukhala ndi yochepa m'magazi koma osatha kuwongola galimoto. Kwa loya wa ovulala, chisokonezo chimenechi ndi munda wachonde. Kwa ife a inshuwalansi ndi mutu waukulu, chifukwa ntchito yathu imadalira kuwerenga. Mtengo wa inshuwalansi ya bala unachokera pa zaka zambirimbiri za milandu ndi ngozi zolembedwa. Nyumba zosutiramo n'zochepa, n'zatsopano, ndipo zina zimatseka zisanakwanitse zaka ziwiri. Pamene palibe mbiri yowerengerapo, kampani imachita chimodzi mwa ziwiri: kukweza mtengo kwambiri, kapena kulandira ndalama n'kuchotsa ngoziyo m'pangano. Chachiwirichi ndicho choopsa, chifukwa kasitomala sachiona.

Malamulo a zigawo amasiyana pa nkhani yakuti woperekera ali ndi mlandu kapena ayi. M'zigawo zambiri munthu wovulazidwa ndi woledzera akhoza kusumira bala imene inapitiriza kumupatsa mowa ataledzera kale. Nevada ndi imodzi mwa zigawo zochepa zimene zimateteza wogulitsa mowa kwa munthu wamkulu, ndipo chitetezo chofananacho anachipereka kwa ogulitsa chamba. Wina anganene kuti basi, ku Nevada nkhani yatha. Ayi. Lamulo lokuteteza sililetsa munthu kukusumira. Loya waluso amangosintha dzina la mlandu: salinenanso kuti munamuledzeretsa, koma kuti simunamuchenjeze, kapena kuti chakumwa chanu chinali champhamvu kuposa zolembedwa pabotolo, kapena kuti mlonda wanu anamukankhira panja ali wosokonezeka. Mukhoza kupambana mlanduwo patapita zaka ziwiri, koma maloya anu sagwira ntchito yaulere. Ku America ndalama zodzitetezera pamlandu zokha zikhoza kugwetsa bizinesi yaing'ono.

Pamwamba pa zonsezi pali mkangano wa maboma awiri. Chigawo chimati chamba n'chololedwa, koma boma lalikulu la ku Washington, DC, pa lamulo lake la 1970, linaika chamba m'gulu loyamba la mankhwala oletsedwa, pamodzi ndi heroin. Mu 2024 boma linayamba ntchito yofuna kuchisamutsira m'gulu lachitatu, koma kusamutsa kotero sikuchititsa chamba chosutira chisangalalo kukhala chovomerezeka ndi boma lalikulu. Inu mukudziwa mfundo yakale ya malamulo, yakuti khoti silikakamiza munthu kukwaniritsa pangano la chinthu choletsedwa. Milandu iwiri ikuonetsa mmene mfundoyi yapotokera. Mayi wina wa ku Hawaii amene ankaloledwa kulima chamba cha mankhwala anaberedwa mitengo 12, ndipo anasumira kampani ya USAA kuti imulipire mokwanira pa inshuwalansi ya nyumba. Mu 2012 khoti la boma lalikulu linakana, ponena kuti kukakamiza kampaniyo kungatsutsane ndi lamulo la dziko lonse. Mu 2016 ku Colorado zinatembenuka. Kampani ya Green Earth Wellness Center inaonongekeredwa chamba ndi utsi ndi phulusa la moto wolusa wa ku Waldo Canyon wa mu 2012, ndipo kampani ya inshuwalansi ya Atain inakana kulipira. Woweruza Marcia Krieger anati Atain inkadziwa bwino lomwe malonda amene inkateteza pamene inkalandira ndalama, choncho singabisale kuseri kwa lamulo la boma lalikulu. Koma tamvani mbali yachiwiri, imene anthu amaiwala akamasimba nkhaniyi: khoti lomwelo linapeza kuti mitengo imene inali ikukulabe sinali yotetezedwa, chifukwa panganolo linali ndi ndime yochotsa mbewu zomera. Chotetezedwa chinali chokolola kale. Green Earth inapambana pa mfundo yaikulu, n'kugonja pa ndime yaing'ono.

Mantha a boma lalikulu anathamangitsa makampani akuluakulu. Mu 2015 msika wa Lloyd's wa ku London unauza mamembala ake kuti asiye kuteteza malonda a chamba a ku America, ngakhale kuti mu 2018 unalola a ku Canada, kumene dziko lonse linavomereza. Ku California, kampani yoyamba yovomerezedwa mokwanira ndi chigawo kugulitsa inshuwalansi ya chamba, Golden Bear, inapatsidwa chilolezo mu Novembala 2017. Koma inshuwalansi yambiri ya chamba imagulidwabe ku msika wapadera umene amautcha surplus lines, wa makampani olandira ziopsezo zimene ena akana. Msika umenewu si wachinyengo, ndipo popanda iwo malonda ambiri atsopano sakanayamba. Koma uli ndi zinthu ziwiri zimene mkhalapakati wa inshuwalansi woona mtima ayenera kuuza kasitomala. Makampani ake amalemba mawu a pangano mmene afunira, osadikira kuti boma la chigawo liwavomereze. Ndipo kampani yotere ikagwa, thumba la chigawo limene limalipira anthu m'malo mwa kampani yakugwa kawirikawiri silikhudzako.

Tsopano tifike pa pepala lenilenilo. Tsamba loyamba limasangalatsa: madola 1 miliyoni pa ngozi imodzi, 2 miliyoni pachaka. Ndi mlingo womwewo umene chigawo cha Massachusetts chimalamula ogulitsa chamba kukhala nawo. Mwini nyumba amaonetsa tsambalo ku ofesi ya ziphaso, chidindo n'kumenyedwa, aliyense n'kukhutira. Masamba akumbuyo ndi amene ali ndi nkhani. Mapangano ambiri a chamba analembedwa poganizira sitolo, ndipo akhoza kukhala ndi ndime yakuti kampani silipira chilichonse chochokera pa kugwiritsa ntchito chamba pamalopo. Pa sitolo ndimeyi sivuta, poti palibe wosutirapo. Pa nyumba yosutiramo yachotsa malonda onse. Pali ndime ina yochotsa matenda obwera chifukwa cha kusuta kapena kudya katunduyo, ina yochotsa zochitika chifukwa cha kusokonezeka kwa maganizo, ina yochotsa kumenyana, kapena kukuikira malire otsika kwambiri. Nanga mwagula chiyani? Mwagula chitetezo cha munthu woterereka pa khomo.

Palinso misampha iwiri imene imafuna diso la katswiri. Woyamba ndi wa nthawi yodandaulira. Mapangano ena amalipira ngozi imene inachitika m'chaka cha pangano, ngakhale wodandaula atabwera patapita zaka zisanu. Ena amalipira pokhapokha dandaulo litafika pangano likadali moyo. Mtundu wachiwiriwu ndi wofala pa chamba chifukwa ndi wotsika mtengo. Koma taganizani nyumba imene yatseka patatha chaka chimodzi. Mwini wake wasiya kulipira, pangano lafa, kenako samani ikufika ya ngozi ya miyezi khumi yapitayo. Ngati sanagule nthawi yowonjezera yolandirira madandaulo, ali yekha. Msampha wachiwiri ndi wa ndalama za maloya. Ngati pangano likuti ndalamazo zizichotsedwa pa 1 miliyoni yomweyo, ndiye kuti mlandu ukamatalika chipukutamisozi chikuphwa, ndipo chigamulo chikamadzabwera chotsala chimakhala chochepa.

Pa katundu woipa, phunziro linabwera mu 2019, pamene anthu anayamba kudwala m'mapapo chifukwa cha ndudu zamagetsi. Pofika Febuluwale 2020, CDC inali itawerenga anthu 2,807 ogonekedwa m'zipatala kapena omwalira, ndipo omwalira anali 68. Gwero lalikulu linapezeka kuti linali mafuta a vitamin E acetate amene ankasakanizidwa m'timabotolo ta THC, makamaka togulitsidwa mobisa. Nyumba yosutiramo sipanga katunduyo, koma m'zigawo zambiri wodwala akhoza kusumira aliyense amene katunduyo anadutsa m'manja mwake. Ndiponso nyumbayo imabwereketsa zipangizo zosutira, zimene zimadutsa pakamwa pa anthu ambiri, ndi zamabatire amene akhoza kuphulika. Mwini nyumba wanzeru amafuna kuti dzina lake lilembedwe pa inshuwalansi ya wopanga katunduyo asanalandire katoni ngakhale imodzi.

Antchito amaiwalika msanga pa nkhani zotere. Kasitomala amakhala ola limodzi. Woperekera amapuma utsiwo tsiku lonse, sabata ndi sabata. California inaletsa kusuta fodya m'mabala mu 1998 pofuna kuteteza antchito, ndipo n'chifukwa chake bwanamkubwa Gavin Newsom anakana kusaina lamulo loyamba la malo odyera osutiramo chamba mu 2023. Anasaina lachiwiri mu 2024, aphungu ataikamo zoteteza antchito, monga ufulu wovala chotchinga kumphuno chogulidwa ndi bwana. Kunena zoona, ine chotchinga kumphuno sichindikhutiritsa pa munthu amene ayenera kulankhula ndi makasitomala usiku wonse. Matenda a m'mapapo amachedwa kuonekera, ndipo kampani yolandira ndalama lero ikhoza kudzalipira patapita zaka khumi. Kuti chamba chikhoza kupha wantchito si nkhambakamwa: mu Januwale 2022 mayi wina wa ku Massachusetts anamwalira ndi mphumu imene inabwera chifukwa cha fumbi la chamba chogaya pa fakitale imene ankagwirapo ntchito.

Za kuba ndi moto ndidutsapo mwachangu. Mabanki ambiri amaopa ndalama za chamba, ndipo lamulo la SAFE Banking lofuna kuwamasula linavomerezedwa kangapo m'nyumba ya aphungu koma osadutsa m'nyumba ya Senate. Zotsatira zake, malonda ambiri amayenda ndi ndalama za m'manja, ndipo mbava zimadziwa. Makampani amavomera kuteteza ndalamazo, koma ndi malamulo okhwima a mtundu wa sefa, alamu ndi makamera, ndipo kuphonya limodzi kukhoza kufafaniza pempho lonse. Mwini nyumba yobwereketsa nayenso adzifunse ngati inshuwalansi yake ikudziwa chimene chikuchitika m'nyumba mwake.

Nkhaniyi si yakutali kwambiri kwa abale athu ali ku Joni. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula mu Sepitembala 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kusuta chamba kwa iye yekha, ndipo pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo lake mu Meyi 2024. Kugulitsa n'koletsedwabe. Komabe makalabu a mamembala anabuka m'mizinda, ngakhale khoti la ku Cape Town linakana dongosolo la kalabu ina yolimira mamembala chamba mu 2022. Amalawi ambiri amagwira ntchito yoperekera ndi ya ulonda kumeneko. Ngati m'bale wanu wapeza ntchito pa kalabu yotere, mufunseni ngati bwana wake anamulembetsa ku thumba la boma lolipira ovulala pantchito, chifukwa malonda amene lamulo silikuwazindikira bwino ndi ovuta kuwapezera inshuwalansi yodalirika.

Kodi ndiye kuti nyumba zosutiramo n'zosatheka kuziteteza? N'zotheka, koma ntchitoyo sichitikira padesiki. Woyeza chiopsezo apite akaone yekha. Aone ngati chitupa chimayang'anidwa ndi makina kapena ndi diso lotopa la mlonda. Afunse mlingo umene amapatsa munthu wobwera koyamba, ndi nthawi imene amasiya kugulitsa zodya asanatseke. Aone ngati pali buku lolembamo aliyense amene wadwala kapena wakanizidwa, poti buku limenelo ndilo mboni kukhoti, komanso ndilo chiyambi cha mbiri imene tikuisowayo. Afunse ngati munthu akhoza kusiya galimoto yake pamalopo usiku wonse popanda kuikoka, monga malamulo a dera la Las Vegas amafunira. Akakhutira, alembe pangano lotchula poyera kuti kusuta ndi kudya chamba pamalopo n'kotetezedwa, ndipo mtengo wake ukhale woona ngakhale ukhale wowawa. Kasitomala akaukana, akane akudziwa, ndipo mkhalapakati asunge kalata yosonyeza kuti anamuchenjeza, chifukwa pangano likadzakana kulipira wosumiridwa wotsatira ndi mkhalapakatiyo.

Ine ndikanakhala woyeza chiopsezo ku Las Vegas lero, nyumba yogulitsa chamba chodya popanda dongosolo lofikitsa anthu kwawo sindikanailandira, ngakhale mwini wake atalipira kawiri.